Tiyamike Oyeza Kukula kwa Sitiroko

M'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, mawu oti "wodwalayu sali bwino" sathandiza kwenikweni. Aliyense amene wafika mmenemo pa machira kapena atanyamulidwa ndi abale sali bwino. Chimene dokotala amafuna kumva, makamaka pa munthu amene wagwidwa ndi sitiroko, n'chakuti vutolo lafika pati, linayamba nthawi yanji, ndipo likukula kapena likuchepa. Kwa zaka zambiri yankho la funso loyambalo linkadalira diso ndi kalembedwe ka amene wamuona wodwalayo. Wina ankalemba kuti mkono wafooka pang'ono, mnzake n'kubwera pambuyo pake kudzalemba kuti wafooka kwambiri, mkono wake womwewo. Wolowa ntchito usiku akawerenga zonse ziwirizo sankadziwa ngati amene wasintha ndi wodwalayo kapena wolembayo.

N'chifukwa chake lero tikufuna kuyamikira chinthu chimene sichitchuka kawirikawiri: kapepala ka mafunso ndi mapointi koyezera kukula kwa sitiroko, anthu amene anakakonza, komanso anamwino ndi madokotala amene amakagwiritsa ntchito mokhulupirika. Pankhani ya sitiroko, ulemu umapita ku makina a sikani ndi ku mankhwala okwera mtengo, ndipo n'zomveka. Koma makina ndi mankhwalawo amadikira munthu wa maso ndi manja kuti ayambe wanena kuti wodwala wavulala motani.

Muyeso wodziwika kwambiri ndi umene umatchedwa NIHSS. Unakonzedwa ku America ndi Thomas Brott ndi anzake a pa yunivesite ya Cincinnati, ndipo unasindikizidwa m'chaka cha 1989. Cholinga chawo poyamba chinali cha kafukufuku. Ankafuna kuyesa mankhwala a sitiroko m'zipatala zosiyanasiyana, ndipo sizikanatheka kudziwa ngati mankhwalawo akuthandiza pamene chipatala chilichonse chinali ndi njira yakeyake yofotokozera kufooka kwa wodwala. Muyesowu, monga umagwiritsidwira ntchito tsopano, umagawa kuyezako m'zigawo 11, n'kupereka mapointi pa chigawo chilichonse. Munthu amene alibe vuto looneka amapeza 0, ndipo mapointi akamachuluka ndiye kuti sitiroko ndi yaikulu, mpaka kulekezera pa 42.

Kuyezako kumatha mphindi zosakwana khumi, ndipo kumayenera kukuona ndi maso kuti munthu amvetse ubwino wake. Namwino amaima pambali pa bedi n'kufunsa wodwala kuti uno ndi mwezi wanji, ndipo ali ndi zaka zingati. Amamuuza kuti atsinzine n'kutsegulanso maso, afumbate dzanja n'kulitambasula. Amayendetsa chala kuti aone ngati maso akutsatira mbali zonse ziwiri. Amamupempha kuti aonetse mano, kuti aone ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Kenako amakweza mkono wa wodwalayo m'mwamba, n'kuusiya, iye n'kumawerenga mokweza mpaka khumi. Mkono ukakhala pomwepo, amalemba 0. Ukatsika pang'ono koma osafika pa bedi, 1. Ukalimbana n'kugwera pa bedi khumi isanakwane, 2. Ukagwa nthawi yomweyo, 3. Ukapanda kugwedezeka n'komwe, 4. Mwendo nawo chimodzimodzi, koma amawerenga mpaka zisanu. Amamubaya pang'ono ndi kanthu kosongoka kumanja ndi kumanzere kuti aone ngati akumva mofanana, amamvetsera kalankhulidwe kake, ndipo pomaliza amamukhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa pali odwala ena amene ubongo wawo umaiwala kuti thupi lili ndi mbali yakumanzere. Munthu wotere angathe kudya nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kusiya inayo osaiona.

Pali lamulo lina m'muyeso umenewu limene ife timaliona kuti ndiye mtima wake. Woyeza amalemba chimene wodwala wachita, osati chimene akuganiza kuti wodwalayo akanatha kuchita. Pa mafunso aja amatenga yankho loyamba, ndipo saloledwa kumunong'oneza kapena kumubwereza mpaka akhoze. Kwa munthu wachifundo lamuloli ndi lovuta. Mtima umafuna kunena kuti, "Yesaninso agogo, muthadi." Abale amene aima pamutu pa bedi amafunanso kuwayankhira. Koma namwino amene wapirira n'kulemba 2 pamene mtima wake umafuna 1 wachitira wodwalayo chifundo chachikulu, chifukwa nambala imeneyo ndi imene mnzake wa usiku adzayerekeze nayo. Mapointi akakwera ndi anayi kapena kuposerapo, m'zipatala zambiri amadziwa kuti chinachake chasintha m'mutumo ndipo dokotala aitanidwe msanga.

Phindu la muyesowu linaonekera poyera m'chaka cha 1995, pamene zotsatira za kafukufuku wa odwala 624 ku America zinasonyeza kuti mankhwala osungunula magazi oundana, otchedwa alteplase, amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu chiyambireni sitiroko. Amene analandira mankhwalawo anali ndi mwayi wokulirapo wokhala opanda chilema, kapena ndi chilema chochepa, patatha miyezi itatu. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuopsa kwake: odwala pafupifupi 6 mwa 100 alionse amene analandira mankhwalawo anatuluka magazi muubongo, pamene mwa amene sanalandire sanakwane ngakhale mmodzi pa 100. Mankhwala otere saperekedwa mwachisawawa. Dokotala amayenera kuyeza phindu ndi ngozi m'mphindi zochepa, ndipo NIHSS inamupatsa poyambira. M'chaka cha 2008 kafukufuku wina wa ku Ulaya anakankhira malire aja ku maola anayi ndi theka. Mu 2015 kunabwera chinthu chinanso chachikulu: kafukufuku wa ku Netherlands wa odwala 500, ndi ena a ku Canada, Australia ndi Spain, anatsimikiza kuti n'zotheka kulowetsa kapaipi kakang'ono m'mtsempha, kukafika nako muubongo n'kukoka magazi oundanawo. Malangizo amene anatsatira ku America anatchula mapointi 6 kapena kuposerapo ngati chimodzi mwa zizindikiro za wodwala woyenera thandizo limeneli. Nambala yolembedwa ndi cholembera wamba inayamba kutsegula kapena kutseka khomo la chipinda cha opaleshoni.

Changu chonsechi chili ndi chifukwa. Mu 2006 dokotala wa ku Los Angeles, Jeffrey Saver, anawerengetsa kuti mtsempha waukulu wa muubongo ukatsekeka, munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene sakulandira thandizo. Zikatere palibe nthawi yoti katswiri wa ubongo achoke kunyumba kudzayamba kuyeza wodwala mwakachetechete kwa ola lathunthu. Pamafunika njira imene aliyense wophunzitsidwa angaigwiritse ntchito n'kupeza nambala yofanana ndi ya mnzake. Apa tiyamikirenso amene anakonza maphunziro a pa vidiyo, motsogozedwa ndi Patrick Lyden, amene anathandiza kuti namwino wa ku chipatala chaching'ono ndi pulofesa wa ku yunivesite aziona wodwala mmodzi n'kugwirizana. Luso limene linali m'manja mwa akatswiri ochepa linafika m'manja mwa ambiri, ndipo kwa ife chimenechi n'chofunika kuposa nambala yeniyeniyo.

Kwa ogwira ntchito m'maambulansi, zigawo zonse za NIHSS zinali zambiri. Ku Cincinnati komweko, m'zaka za m'ma 1990, anazidula n'kutsala zitatu: nkhope, mkono ndi kalankhulidwe. Ku Newcastle, m'dziko la England, anakonza muyeso wofanana nawo wotchedwa FAST, umene pambuyo pake boma linaufalitsa pa wailesi ndi pa kanema kuti ngakhale mwana wa sukulu azidziwa zizindikiro za sitiroko. Ku Newcastle komweko kunachokeranso muyeso wotchedwa ROSIER mu 2005, wokonzedwera chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Umenewu uli ndi nzeru ina imene tiyenera kuitchula: usanayambe kuwerenga mapointi, yamba wayeza shuga. Munthu amene shuga wake watsika kwambiri angathe kufooka mbali imodzi ndi kulankhula zosamveka ngati wa sitiroko, koma n'kudzuka bwinobwino atangolandira shuga m'mtsempha. Umachotsanso mapointi ngati wodwala anakomoka kapena anagwa khunyu, popeza zimenezi kawirikawiri zimaloza ku matenda ena.

A ku Catalonia, m'dziko la Spain, anachita chinthu chimene ifenso tingaphunzirepo. Anakonza muyeso wawo wotchedwa RACE, wa mapointi 0 mpaka 9, wothandiza wa mu ambulansi kulingalira ngati mtsempha waukulu ndiwo watsekeka. Ganizo linali lakuti wodwala wa mapointi ambiri azimulambalalitsa chipatala chapafupi n'kuthamangira naye ku chipatala chachikulu chimene chingakoke magazi oundana aja. Ganizolo linkamveka bwino ndithu. Koma iwo sanakhutire ndi kumveka bwinoko, analiyesa pa odwala 1,401 a m'madera akutali ndi mzinda. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2022, zinasonyeza kuti panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa amene anapita molunjika ku chipatala chachikulu ndi amene anayamba aima pa chapafupi. Anasindikiza zimenezo monga zinalili, ngakhale sizinakometse muyeso wawo. Anthu otere ndi oyenera ulemu.

Kuyamikira kwathu kukanakhala kwachinyengo tikanabisa zofooka za miyeso imeneyi, ndipo amene amaigwiritsa ntchito bwino ndi amene amazidziwa. NIHSS imakondera mbali yakumanzere ya ubongo, kumene kwa anthu ambiri kumakhala chilankhulo. Mavuto okhudza kumva ndi kulankhula angapereke mapointi mpaka 7, pamene kuiwala mbali imodzi ya thupi, kumene kumabwera ubongo wakumanja ukavulala, kumangopereka 2. Motero odwala awiri amene avulala mofanana angapeze mapointi osiyana. Vuto lina ndi la sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo. Munthu amafika akumva chizungulire, akusanza, akulephera kuima kapena kumeza, koma mikono ikukwera bwino ndipo akulankhula. Angathe kupeza 1, ngakhale 0, chonsecho moyo wake uli pachiswe. Muyesowu suyeza kayendedwe, ndipo dokotala wanzeru amamuimiritsa wodwala wotere kuti aone ngati angaponde.

Palinso nkhani yakuti nambala yochepa siitanthauza vuto lochepa kwa mwini wake. NIHSS siyeza mphamvu ya zala. Telala amene zala zake zakumanja zafa angapeze mapointi ochepa kwambiri, koma ntchito yake yathera pomwepo. Mphunzitsi amene wangotaya mawu okha, thupi lonse lili bwino, angapeze mapointi awiri kapena atatu. Papepala ameneyo ndi wa sitiroko yaing'ono, koma pamaso pa ana a m'kalasi mwake sangaimenso. N'chifukwa chake madokotala masiku ano amafunsa mafunso awiri, la mapointi ndi lakuti kodi vutoli limulepheretsa munthuyu kukhala moyo wake wakale. Funso lachiwirilo silingayankhidwe popanda kudziwa kuti wodwalayo ndani ndipo amadya chiyani.

Chofooka chachikulu koposa n'chakuti palibe muyeso wa pa bedi umene ungasiyanitse motsimikiza mtsempha wotsekeka ndi mtsempha wophulika. Anthu anayesapo, monga madokotala a chipatala cha Siriraj ku Thailand mu 1991, koma miyeso yotereyi sinafike podalirika moti munthu n'kuperekera mankhwala osungunula magazi. Ntchito imeneyo ndi ya sikani basi. Kwa ife a ku Africa nkhaniyi ndi yolemera, chifukwa pamene m'maiko olemera sitiroko pafupifupi 85 mwa 100 zilizonse zimakhala za kutsekeka kwa mtsempha, kafukufuku wamkulu wa ku Ghana ndi Nigeria anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse anali wa mtsempha wophulika.

Apa wina angafunse, ndipo funsolo ndi lachilungamo: kodi kuwerenga mapointi kuli ndi ntchito yanji pa chipatala cha boma chimene chilibe sikani, chilibe alteplase, ndipo wodwala amafika patapita tsiku lathunthu? Ngakhale bungwe la WHO linaika alteplase pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, odwala ambiri a kwathu kuno safika pamene angawalandire. Ena amachedwa ndi mtunda ndi ndalama ya galimoto. Ena, munthu akagwa mwadzidzidzi pakamwa n'kupotoka, abale amati wamenyedwa ndi hamala, ndipo tsiku loyamba limathera kwa sing'anga.

Yankho lathu ndi lakuti kumalo otereku ndi kumene muyeso umagwira ntchito yaikulu, chifukwa palibe chida china. A Malawi sitiyenera kuuzidwa zimenezi ndi alendo. M'chaka chomwecho cha 1989 chimene NIHSS inasindikizidwa, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo anasindikiza zotsatira za ntchito yawo pa ana odwala malungo a muubongo ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Muyeso wotchuka wa Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974 woyezera kukomoka, unkafuna wodwala woti angathe kuyankha mafunso, ndipo mwana amene sanayambe kulankhula sangatero. Ku Blantyre anakonza wawo wa mapointi 0 mpaka 5, woona maso, kulira ndi kagwedezedwe ka mwana. Lero muyeso umenewo, wotchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre, umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri amene muli malungo. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amaidziwa nzeru imeneyi: nambala ya mwezi umodzi payokha siinena zambiri, koma ikaikidwa pambali pa ya mwezi watha imaulula ngati mwana akukula kapena akubwerera m'mbuyo.

Ndi mmenenso zilili ndi sitiroko. Clinical officer wa pa chipatala cha boma akamaimbira foni ku chipatala chachikulu n'kunena kuti wodwala anafika ndi mapointi 8 m'mawa ndipo tsopano ali pa 14, wa mbali inayo amamva zambiri kuposa akanangouzidwa kuti matenda akula. Ambulansi ikakhala imodzi, odwala ofuna kutumizidwa ali atatu, nambala imathandiza kusankha mwachilungamo. Mapointi ochuluka amachenjezanso kuti wodwalayu mwina sangameze bwino, choncho asapatsidwe phala kapena madzi asanamuyeze kamezedwe, popeza chakudya cholowera m'mapapo chimabweretsa chibayo, ndipo chibayo chimapha odwala sitiroko ambiri amene akanapulumuka. Amachenjeza kuti azitembenuzidwa pafupipafupi kuopa zilonda za pabedi, ndi kuti a mafizo amuone msanga. Zonsezi sizifuna makina, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri anatsimikiza kuti chisamaliro chadongosolo chotere, m'wodi ya odwala sitiroko, chimachepetsa imfa ndi chilema.

Muyeso umathandizanso polankhula ndi abale. Kafukufuku wa ku America wa mu 1999 anapeza kuti odwala a mapointi 6 kapena kucheperapo kawirikawiri amachira bwino, pamene a mapointi 16 kapena kuposerapo amakhala pangozi yaikulu ya imfa kapena chilema chachikulu. Ku chipatala cha Gulupu nakonso, kafukufuku amene Terttu Heikinheimo ndi anzake anasindikiza mu 2012 anapeza kuti kukula kwa sitiroko pa tsiku lofika ndiko kunkaneneratu mmene wodwala adzakhalire, kuposa kukhala kapena kusakhala ndi kachilombo ka HIV. Dokotala amene wayeza amatha kukhala pansi ndi gadiyani n'kumuuza zoona mwaulemu, kuti akonzekere kusamalira bambo awo kwa miyezi, kapena kuti alimbe mtima chifukwa chiyembekezo chilipo. Nambalayo si chiweruzo, ndipo palibe ayenera kusiyidwa chifukwa cha iyo. Koma banja limene lauzidwa zoona limakonza bwino za ndalama, za munda ndi za amene akhale kuchipatala.

Tiyamikire mwapadera anamwino ndi madokotala a kwathu amene amayeza odwala ndi chida chimene chinakonzedwera anthu a chilankhulo china ndi moyo wina. Chithunzi chimene chakhala chikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri poyeza chilankhulo chimaonetsa khitchini ya ku America, mayi akutsuka mbale madzi akusefukira, mnyamata atakwera pa mpando akutenga mabisiketi pashelefu. Pa zinthu zoti wodwala atchule maina pali nthenga, kiyi ndi mpando, zimene aliyense angazidziwe, koma palinso bedi la ukonde lomangirira pamitengo limene agogo a ku Ntchisi sanalionepo. Funso la zaka nalo lili ndi msampha: pali achikulire ambiri amene sadziwa chaka chimene anabadwa, ndipo miyezi amaiwerenga ndi mvula ndi zokolola. Woyeza wosasamala angawalembe kuti asokonezeka mutu chonsecho ali bwinobwino. Wosamala amafunsa abale kuti kodi dzana agogowa akanayankha funso limeneli, amatulutsa supuni, ndalama kapena wotchi kuti azitchule, ndipo amalemba pambali zimene wasintha. Ntchito imeneyi ndi yaluso, ndipo imachitika mzere wa odwala uli mpaka pakhomo.

Chimene tingapemphe n'chakuti luso limeneli lisatsalire m'mutu mwa munthu mmodzimmodzi. Aliyense akamasintha mafunso m'njira yakeyake, tibwerera ku vuto lija la mkono umodzi wofotokozedwa pawiri. Chipatala chilichonse chigwirizane mawu enieni ofunsira m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina za dera lake, zithunzi zikhale za zinthu za pakhomo pathu, ndipo masukulu ophunzitsa anamwino ndi madokotala aziphunzitsa kuyezaku ndi manja, osati pa bolodi pokha. Laura Benjamin ndi anzake anasonyeza mu 2016 kuti ku Malawi kuthamanga kwa magazi ndiko gwero lalikulu la sitiroko, ndipo HIV ndi imene imaonjezera ngozi makamaka kwa achinyamata. Anthu a BP ndi ochuluka m'midzi ndi m'matauni momwe, ambiri osadziwa n'komwe kuti ali nayo. Odwala sitiroko apitiriza kufika, ndipo woyamba kuwaona kawirikawiri sadzakhala katswiri wa ubongo.

Abale nawo ali ndi gawo limene palibe dokotala angawachitire. Muyeso umanena kukula kwa vuto, koma sunena nthawi imene linayamba, ndipo nthawiyo ndi imene imasankha thandizo. Amene waona nkhope ya mnzake yagwa mbali imodzi, mkono walendewera kapena mawu akukoka, ayang'ane nthawi pa foni n'kuisunga. Ngati munthuyo wadzuka nazo m'mawa, akumbukire nthawi imene anamuona komaliza ali bwino. Asamumwetse madzi kapena mankhwala alionse, atenge kabuku kake ka kuchipatala ndi mankhwala amene amamwa, n'kunyamuka nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitaoneka ngati zayamba kutha panjira.